Mtsuko Wopendekera wa ku Hamilton

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala m'nyumba zosanjikizana za ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja, pamene ndinayamba kuchita manyazi ndi mayi anga. Mlandu wawo unali umodzi: kusenza. Tikamachokera kogula zinthu, ankangotenga thumba la mpunga n'kuliika pamutu, manja ali m'matumba a jekete, anthu podikirira basi maso onse ali pa ife. Ine ndinkayenda patsogolo ngati sindikuwadziwa.

Ndiye ndinada nkhawa nditamva kuti aperekeza nawo kalasi yathu ku Hamilton, kukaona nyumba yoonetsera zithunzi zojambula pamanja. M'basi ndinawanong'oneza, "Mum, please, musakayankhule chilichonse." Iwo anangoseka.

M'chipinda china chonunkhira polishi, mayi amene ankationetsa malowo anatiimika pa chithunzi chachikulu. Anati anachijambula ndi katswiri wa ku France kalekale, atakacheza kumidzi ya ku Italy. Panali mtsikana wopanda nsapato, wa siketi yofiira, atasenza mtsuko wamkuwa, dzuwa likuwala pa miyala ya m'njira.

"Taonani nkhope yake," anatero m'Chingerezi. "Watopa, akuchokera kotunga madzi."

"Ayi, ameneyu akupita kumene."

Anali mawu a mayi anga, m'Chingerezi chawo cha ku Nkhotakota. Ine ndinadziwa kuti anzanga andiseka mpaka titsekere sukulu.

"Mtsukowo wapendekera, mulibe madzi," anapitiriza, akuloza. "Wodzaza sungauike choncho, unyowa msana wonse. Khosinso lamasuka. Ndipo sikutopa kumeneko, akuzengereza dala. Onani kumene akuponya diso, alipo amene akumudikira panjira."

Kalasi yonse inaphulika ndi kuseka, koma sankaseka mayi anga. Onse anathamangira pafupi kukafufuza m'mitengo ya m'chithunzimo ngati mwabisala munthu. Wotionetsa uja anayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako anawomba m'manja. Anati wakhala akuima pamenepo zaka zambiri, koma kupendekera kwa mtsukowo anali asanakuganizirepo. Anafunsanso za kansalu kopindidwa pamutu pa mtsikanayo.

"Imeneyo ndi nkhata," anatero mayi anga. Anavula mpango wawo wa m'khosi, n'kuupota, n'kusenzerapo chikwama chawo, n'kuyenda chipinda chonsecho monyadira ngati mkwatibwi. Pa chakudya chamasana anzanga anachita kuima pamzere, aliyense ndi mpango wake. Madison, yemwe ndinkamuopa kwambiri pa nkhani ya kuseka, anandikoka dzanja kuti ndimupemphere kwa mayi akhale woyamba. Ndinasangalala mpaka misozi inalengeza.

Loweruka lotsatira, kathumba ka shuga ndinasenza ndine. Kanagwa kawiri tisanafike pa basi, mayi akufa ndi phwete. "Iwe Tiyamike, khosi limenelo ndi la munthu kapena la nkhuku?"

Ndakhala ndikubwererako ku Hamilton ndili wamkulu, ndipo mtsikana uja akuzengerezabe. Ndikaima pamaso pake ndimazindikira kuti tsiku lija tonse tinkaona chithunzicho ndi maso okha. Munthu mmodzi yekha ndiye anachimva m'khosi mwake, yemwe ine ndinamupempha kuti akhale chete.