Banga Lakuda pa Monita ya a Damiano

Kachipinda kaja kankanunkha njereza yaiwisi ndi tsitsi lopserera. Kanali kuseri kwa malo ometera, pakamsika ka m'mbali mwa msewu waukulu ku Madzimoyo, ndipo khoma lolekanitsa zipinda ziwirizo silinkafika kudenga. Fungo la kometera linkadutsa pamwamba, pamodzi ndi kulira kwa makina ndi nyimbo za pawailesi. Njerezayo tinapaka tokha, ine ndi akulu anga a Damiano, ndi tsache la udzu chifukwa burashi tinalibe. Manja anga anasupuka khungu, koma sindinadandaule. Chaka chimenecho ndinali mu giredi sikisi, ndipo chilichonse chimene a Damiano ankandituma ndinkachita mothamanga.

A Damiano anali atamaliza giredi thwelofu kalekale, n'kumangolima nafe. Mnzawo wina ankawaimbira foni kuchokera ku Lusaka, kuwauza kuti pamsika waukulu pali ntchito yotsitsa katundu m'malole. Foniyo ikalira, amayi ankasiya kupeta n'kumamvetsera, lichero lili pamiyendo. Ine ndinkachita mantha kuposa amayi. Ndinali mwana wamanyazi, woti mlendo akandifunsa dzina ndinkangoyang'ana pansi. A Damiano ndiwo ankandiyankhira. Tinkagona mphala imodzi, ndipo atate akandituma kukabwereka chinthu pakhomo la eni, iwo ankandiperekeza mpaka pampanda osauza munthu.

Ndiye kunabwera kompyuta. Msuweni wathu wogwira ntchito m'tauni anawapatsa bokosi lakale la kuofesi, lotuwa, lokhala ndi gemu ya mpira m'kati mwake. Anawapatsanso mapadi awiri, timakina togwira m'manja posewera. Chosowa chinali monita, galasi loonerapo. A Damiano anapangana ndi wometa uja kuti awabwereke kachipinda ndi magetsi, ana azidzasewera mpira akaweruka kusukulu. Kunyumba nkhani inakambidwa pang'onopang'ono, madzulo angapo, tikusenda mtedza. Pomaliza atate anati mtedzawo ukagulidwa adzagula galasilo, ndipo a Damiano anati ntchito ikayenda, za ku Lusaka zitha. Ine ndinamva mawu amenewo basi. Kwa ine monita inali chinthu chosunga akulu anga pakhomo.

Tinapita ku Chipata m'nyengo yozizira, udzu utayamba kupsa m'mapiri. Atate anali panjinga yawo yakuda, ine pakaliyala ya njinga yobwereka imene a Damiano ankapalasa. Mphepo inkalowa m'makutu, ndipo malole akatidutsa ankatisiyira utsi ndi timiyala. A Damiano ananditenga dala. Anandiuza m'njira kuti makasitomala awo adzakhala ana a msinkhu wanga, ndipo pa ana khumi osewera amakhala awiri okha, ena onse amaonera cham'mbali, ena chokhala pansi. Ntchito yanga inali yoima pomwe anawo adzaime, n'kunena zoona zimene ndikuona. Ndinabwereza malangizowo mumtima mpaka tinalowa m'tauni.

Shopu yake inali m'mashopu a kumunsi, yopapatiza, yodzaza mawailesi, mafani ndi mamonita ogwiritsidwa kale ntchito kunja. Inkanunkha fumbi lotentha ndi pulasitiki. Mwini wake anali Mbemba wamimba yaikulu, ndipo atangomva kalankhulidwe ka atate anaomba m'manja.

"Afika odya mbewa! Atate, muno misampha sitigulitsa."

"Nanga anyani ako wasiyira yani kwanu, kuti uzitisokosa kuno?" anayankha atate, nkhope ili gwa.

Onse anaseka mpaka kugwirana manja. Ine ndinabisala kumbuyo kwa a Damiano poganiza kuti ndeu yayamba. Sindinkadziwa kuti ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana chonchi pachimbuya, popanda wokwiya.

Atate anakonda monita yakale, yonenepa kumbuyo ngati mbiya. Anaimenya ndi chikhatho pamwamba n'kunena kuti iyi ndiye ya anthu, ana angaigwetse bwanji siingamve. A Damiano anawafotokozera mofatsa, maso ali pansi, kuti imeneyo imatentha ndipo imadya magetsi, wometa sangalole. Kenako anayamba kuyesa zopyapyala, imodziimodzi, pakompyuta ya mwini shopu, atatsegula gemu ya mpira. Ina inali yaikulu yokongola, koma mpira ukathamanga unkasiya mchira ngati utsi, ndipo ukadina padi wosewera ankachedwa kumenya. Ina inali ndi kadontho kobiriwira pakati kosazima. Ina inalibe kabowo kogwirizana ndi bokosi lathu. Iliyonse ikayaka, ine ndinkapita kumanja, kumanzere, kunjuta pansi, kenako kukaima pakhomo pomwe pali dzuwa.

"Fide, ukuona chiyani pamenepo?"

"Anthu ada, akulu. Udzu nawonso wada."

"Mwabwera ndi dokotala wa maso," anatero mwini shopu. "Kamwana aka kandigwetsera bizinesi."

Imene tinasankha sinali yaikulu. Inali ya m'mphepete mwakuda, ndipo kulikonse kumene ndinaima udzu unkaoneka wobiriwira, mpira woyera, osewera akuthamanga popanda mchira. Nditanena kuti iyi ikuoneka bwino ngakhale pakhomo, a Damiano anandigwira paphewa pamaso pa anthu onse. Sindikumbuka tsiku lina la ubwana wanga limene ndinadzimva kuti ndine munthu ngati limenelo. Atate anainyamula ndi dzanja limodzi, n'kuigwedeza pafupi ndi khutu, n'kufunsa kuti mopepuka chonchi mungakhale chiyani. Komabe analipira. Katoni yake panalibe. Chingwe cholumikizira nacho chinali chitatha m'shopumo, choncho a Damiano anathamangira kumsika kukachifuna, atatiuza kuti tiwadikire pakhonde.

Atate sankadziwa kukhala chabe pamene pali katundu wosamanga. Kwathu ankadziwika ndi kumanga. Thonje, matumba a chimanga, mbuzi yamoyo, chitseko, zonse zinkafika kumene zikupita osapendekeka, ndipo anthu ankawaitana akafuna kukweza katundu wovuta. Anakulunga monita ija m'chitenje cha amayi, mosamala ngati akufunditsa khanda, n'kuigoneka chafufumimba pakaliyala ya njinga yawo. Kenako anatulutsa malegeni awo, mphira zocheka kuchubu cha galimoto. Ine ndinagwira mahandulo. Anaika bondo pamwamba monga ankachitira ndi belo la thonje, n'kukoka mphira mpaka inapyapyala, n'kuipingasa, n'kukokanso. Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu waponda khoko la mtedza, ndipo tonse tinaganiza kuti ndi kaliyala. Anagwedeza njinga yonse. Katundu sanasunthe, ndipo iwo anamwetulira.

A Damiano atabwera ndi chingwe anaima chapatali pang'ono, akuyang'ana.

"Mwamanga kale, atate?"

"Ndamanga. Ngakhale tigwere m'dzenje, iyi sipita kulikonse."

A Damiano anayesa kulowetsa chala pansi pa mphira, koma sichinalowe. Pakhonde panali anthu, mwini shopu ali pakhomo akuponyabe nthabwala zake. Mwana samasula katundu amene atate ake amanga, anthu akuona. Anabweza dzanja, n'kuika chingwe m'thumba, ndipo tinanyamuka. Njira yonse ankangopalasa mutu uli pansi, ndipo ine ndinkaganiza kuti atopa ndi chitunda.

Tinafikira kukachipinda dzuwa likupendeka. Ana anali atamva kale, ndipo anadzaza pakhomo ndi pazenera. Wometa anasiya munthu mutu uli theka n'kubwera kudzaona. Kunja kwa galasi kunalibe mng'alu uliwonse, linali losalala ngati mmene linalili m'shopu. Koma litayaka, kumanzere chakumunsi kunaoneka banga lakuda, lalikulu ngati chikhatho changa, ngati inki yotayikira m'kati. Kuchokera pabangapo panatuluka timizere tofiira ndi tobiriwira tokwera m'mwamba. Ndinalipukuta ndi malaya anga. A Damiano anandigwira dzanja n'kulitsitsa. Atate anawerama, anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anatuluka kukaona njinga yawo, imene inalibe vuto lililonse.

M'mawa mwake a Damiano anabwerera nayo kutauni paminibasi, ataifungata pamiyendo. Anabwera nayonso madzulo. Anandiuza ine ndekha, tili m'mphala, kuti mwini shopu sanaseke ulendo uno. Anangoona bangalo n'kunena kuti galasi laphwanyikira m'kati chifukwa chopanikizidwa, silikonzeka, ndipo linachoka m'shopu mwake lili bwino anthu akuona. Kwa atate anangoti shopu yakana. Atate anati anthu a m'tauni ndi otero, amagulitsa zinthu za mapepala. Amayi anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. Mtedza wa chaka chimenecho unali utapita, ndipo aliyense ankadziwa kuti monita yachiwiri kulibe.

A Damiano anatsegulabe kachipinda kaja. Masabata oyamba ana ankabwera, chifukwa kunalibe kwina koonera zotere. Bangalo linkaphimba ngodya ya bwalo ndi mbali ya golo lakumanzere, ndipo ana analipatsa dzina loti kumanda. Mpira ukalowa mmenemo onse ankakuwa kuti wapita kumanda, n'kumadikira kuti utulukira kuti. Nthawi zina chigoli chinkamveka osaoneka, chipinda chonse n'kugwa ndi phwete. Ine ndinkasesa m'mawa ndisanapite kusukulu, ndinkapukuta mapadi, ndipo ndikaweruka ndinkaima pakhomo kuletsa ana olowa ndi nzimbe. Tsiku lililonse ndinkayeza bangalo ndi chikhatho changa. Ndinkakhulupirira kuti lidzatha lokha, monga zimathera zakuda za pachikhadabo ukapunthwa pamwala.

Koma kutayamba kutentha linayamba kukula. Malata ankang'ang'adza masana, m'chipinda mukununkha thukuta ndi fumbi la mapazi, ndipo bangalo linkatambasuka pang'onopang'ono ngati madzi pamphasa. Chikhatho changa chinaleka kuliphimba, kenako ndi manja awiri omwe. Golo lakumanzere linamira lonse. Nthabwala ya kumanda inatha kukoma. Wogoletsedwa ankakana kuti sanaone, wogoletsa ankalumbira, ndipo tsiku lina anyamata awiri anamenyana mpaka kuthyola benchi. Wometa anayamba kudandaula za phokoso. Ana akuluakulu anapeza kuti chapafupi ndi tauni kuli malo ena okhala ndi TV yaikulu, ndipo Loweruka ankapita kumeneko wapansi. M'kachipinda mwathu munatsala tiana tating'ono tongobwera kudzaonera.

A Damiano ankakhala pampando masana onse, akusewera okha ndi kompyuta patheka la galasi lotsalalo. Sanakalipire munthu. Atate ankadutsa pamsikapo popita kuchigayo, koma sanalowenso m'kachipindamo. Ankaima panja n'kufunsa ngati kwacha bwino, a Damiano n'kuyankha mwaulemu kuti kwacha, basi. Kunyumba ankadyera mbale imodzi ngati kale, akukambirana za mbewu ndi feteleza. Ndinkadikira kuti wina atchule za bondo lija kapena mphira zija, kuti mwina akangane, nkhani ithe, tiyambirenso. Palibe anatchula. Foni ya ku Lusaka inayambanso kulira, ndipo tsopano a Damiano ankapita nayo kuseri kwa nkhokwe.

A Damiano anachoka mvula isanagwe, anthu akukonza mizere m'minda. Kunali m'mawa, mitambo ikungosonkhana n'kubalalika. Amayi anawakazingira chimanga n'kuwamangira m'kapepala, ndipo sanafike kumsewu, anatsalira pamtengo wa mango wa kumapeto kwa mudzi. Atate ananyamula chikwama mpaka pamalo okwerera basi. Bokosi la kompyuta linabwerera kwa msuweni. Monita a Damiano anandisiyira ine.

"Uzisunga, dokotala wa maso," anatero, akuyesa kuseka.

Ndinafuna kuwauza kuti adikireko pang'ono, mwina kukazizira bangalo libwerera. Mawu anakana kutuluka, ndipo panalibenso wondiyankhira. Basi inabwera, kondakitala anakoka chikwama, ndipo anakwera.

Monita ija ndinaisunga m'mphala pansi pa bedi dzinja lonse. Magetsi kwathu kunalibe, choncho sindikanatha kuiyatsa, ndipo galasi lozima silionetsa banga. Ndikaitulutsa n'kuiyang'ana padzuwa inkaoneka yabwinobwino. Ndinkadziuza kuti mwina yachira, ndipo a Damiano akadzabwera pa Khirisimasi tidzaiyesa. Sanabwere chaka chimenecho. Atabwera patapita zaka, anali ndi mkazi ndi mwana, mapewa atapindika ndi matumba, ndipo za monita sanafunse.

Nthawi imeneyo ndinkadziwa motsimikiza kuti akulu anga anachoka chifukwa galasi linaphwanyika, ndipo kuti likanafika lamoyo bwenzi ali pakhomo mpaka lero. Tsopano ndapitirira msinkhu umene iwo anali nawo. Nanenso ndinamaliza giredi thwelofu, ndipo ndikulima munda womwewo. Ana a pamsika paja masiku ano amasewera mpira pafoni, atatsamira khoma la chigayo, ndipo ngakhale malo a TV yaikulu aja anatsekedwa. Ndimaona kuti monita yabwino ikanangowachedwetsa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ndikuganiza kuti amayi ankadziwa zimenezi kuyambira pachiyambi, kungoti chaka chimodzicho ankachifuna. Sabata yatha a Damiano anandiimbira kuti pamalo pawo pakufunika munthu wina. Ndinapita kukayankhira kuseri kwa nyumba, ndipo amayi sindinawauzebe.