Mabowo a Pansi pa Chitseko

Ku koleji ya aphunzitsi sanandithamangitse ayi. Anangondipempha mwaulemu kuti ndisadzabwerenso. Amayi atalira mokwanira, anandipereka kwa amalume, amene ankawongola magalimoto pansi pa mtengo wa mango pa Chadiza.

Udindo wanga unali wotseka mabowo. Umapala dzimbiri ndi tupa mpaka chitsulo chiwale, umamatira kachidutswa kakang'ono ka lata kumbuyo kwa bowo, kenako umasungunula mtovu ndi bulolampu n'kuusalaza ndi kathabwa kopaka mafuta a ng'ombe kuti kasamatirire. Ukazizira, tupanso, kenako penti.

Chilimwe china a Mbewe a ku Zemba anabweretsa vaneti yakale yonyamulira mtedza kupita ku tauni ya Fort Jameson. A Mbewewa anali ndi mwana wamkazi, Esnati, ndipo amalume, monga mwini mbumba, anali atavomera kukandifunsirira mbeta. Vanetiyo ndinaigwira ngati guwa la m'tchalitchi.

Pansi pa zitseko ndinapeza timabowo tozungulira bwino, topanda dzimbiri.

"Amalume, itinso titseke? Tikuoneka ngati ta dala."

"Bowo ndi bowo, mphwanga. Tseka."

Ndinatseka, mokongola kwambiri.

Mvula itagwa, a Mbewe anabwerera. Anatsika osapereka moni, n'kugwedeza chitseko pamaso pa anthu amene ankadikira basi. Madzi m'kati mwake analira ngati mowa m'chikho. Timabowo tija tinali totulutsira madzi olowera pa galasi, ndipo zitseko zonse ziwiri zinali zitayamba kuola.

"Wachita izi ndani?"

Amalume anavula chipewa. Ndinaganiza kuti akupepesa.

"A Mbewe, ine ndinamuletsa. Koma ana a ku kolejiwa mumawadziwa, samva za ife osaphunzira."

Ndinawayang'ana. Iwo anayang'ana mango. Kutsutsa malume wako pagulu kunali kosatheka, makamaka malume amene akupita kukakulankhulira kwa apongozi. Ndinatenga chobowolera n'kutsegula mabowo aja limodzilimodzi, madzi a dzimbiri akundichuchira m'mikono.

Ponyamuka, a Mbewe anati, "Nkhani ina ija musavutike nayo kubwera." Amalume anayankha kuti amvetsa, ndipo anandimvetsetsera ndi ine ndemwe.

Esnati anakwatiwa ndi kalaliki wa pa boma. Ine ndinakalamba ndi bulolampu, ndipo wamkulu aliyense akandilamula chinthu, ndimachibwereza mokweza kuti a pamsewu amve. Ena amati ndine wogontha. Sindiwatsutsa.