Makalata Amene Amayi Sanalembe

Ndiyambe ndi kuulula, poti nkhaniyi ndaisunga mpaka yandiyambitsa zilonda za m'mimba: makalata onse amene bambo anga ankalandira kundende m'dzina la amayi, ndinkalemba ndine. Amayi sakudziwa mpaka lero. Ngati mwawazindikira, chonde mukakumana nawo kuchigayo mungopatsana moni basi.

Bambo anasowa ine ndili sitandade fili. Ife tinkadziwa kuti ntchito yawo ndi yoyeza malo, n'chifukwa chake sankakhazikika pakhomo. Patapita miyezi, kwathu kuno m'munsi mwa phiri la Michesi kunafika galimoto ya boma, n'kutsikamo amuna awiri a masuti. Anatiuza kuti bambo anali kazitape wa boma, ndipo agwidwa m'dziko lina lakutali, limene anatiletsa kulitchula. Amayi sanalire. Anangofunsa kuti, "Nanga tepi yoyezera ija inali ya chiyani?"

Anadikira zaka zisanu ndi ziwiri, kenako anakwatiwa ndi bambo wina wokonza njinga pamsika, munthu wofatsa woti ngakhale nkhuku amaipatukira. Kwathu kuno mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi, choncho bambo ondipezawo analowa m'nyumba yomwe ija, n'kufolera denga limene linkadontha.

Nditangotenga setifiketi yanga kukoleji, uthenga unabwera woti wina wa m'banjamo apite ku boma. Anatuma ine, wodziwa mapepala. Ndinakapeza mayi wina wa ku unduna woona za ubale wathu ndi maiko ena. Anati maiko awiriwa ayamba kukambirana zosinthana akaidi, ndipo tsopano akaidiwo akuloledwa kulandira kalata ya tsamba limodzi.

"Zokambirana za maiko zimayenda ngati nkhono," anatero mayiyo. "Chachikulu n'chakuti munthu wathu asataye mtima. Wafooka kwambiri. Akazi awo alipo eti? Kalata yawo ndiye mankhwala."

Pakamwa panga pananena kuti "Alipo." Zotsalazo ndinameza.

Nditawauza amayi, anapitiriza kupeta nandolo wawo. "Ndimulembere chiyani? Ndimufunse ngati malo aja anamaliza kuyeza?"

Ndiye ndinakhala pansi n'kulemba ndekha. "Wokondedwa mwamuna wanga." Ndinkangocheukacheuka ngati ndikuba m'tchalitchi. Ndinalemba za mvula, za nandolo, zoti denga silikudonthanso, zoti ndikuwadikirabe.

Vuto linali mtunda wa ku boma. Amene ankapitako kawirikawiri kukagula masipoko a njinga anali bambo ondipeza aja. Ndinawauza kuti ndi makalata ofunsira ntchito. Kwa zaka zinayi bambo amenewa ankapalasa njinga, atanyamula m'thumba la malaya kalata yachikondi ya mkazi wawo yopita kwa mwamuna wina. Tsiku lina mpaka anaisanjika manja envelopuyo n'kupemphera kuti amene akailandire mtima wake ufewe.

"Usadandaule mwana wanga," ankatero. "Ntchito masiku ano n'zodziwana."

Koma mayankho, ngakhale kunali kutali, ndinkakatenga ndekha. Bambo ankalemba mawu okoma oti ine, mwana wawo, sindimayenera kuwawerenga. M'zaka zomwezo ndinakwatiwa, ndinamanga kanyumba kanga kuseri kwa amayi, ndinabereka kamtsikana. Mayankhowo ndinkawabisa m'chikwama cha kusikelo, pansi pa matewera, poti mmenemo mwamuna aliyense sapisamo dzanja.

Kenako foni inalira: zokambirana zatheka, bambo afika Lachinayi. Anthu anaimba nthungululu. Ine ndinathamangira kuchimbudzi. Munthu wapirira zaka zonsezo chifukwa cha mkazi womudikira, ndiye adzapeze nsapato za mwamuna wina pakhomo? Ndinkaona kuti boma lamutulutsa wamoyo, ine ndimuphera pakhonde.

Lachinayi masana galimoto inaima pansi pa mtengo wa mango. Munatsika nkhalamba yoonda, ya imvi, itanyamula kajumbo. Amayi anagwada n'kupereka moni waulemu, ngati wopatsa mlendo wa kumpingo. Bambo ondipeza anabweretsa mpando, thukuta lili kamukamu. Ine ndinaima chapatali, mwana ali kumsana.

Bambo anayang'ana denga, n'kuyang'ana manja a bambo ondipezawo.

"Inu ndiye a njinga aja?"

"Ndine, bambo."

"Denga munafolera bwino. Zikomo."

Bambo anagona kwa ine. M'mawa mwake ndikuchapa matewera, anakhala pakhonde n'kumasula kajumbo kaja. Munali makalata anga onse.

"Iwe, tabwera kuno. Amayi ako ndinakhala nawo zaka khumi, sananenepo mawu oti pepani. M'kalata yoyamba muli pepani atatu."

Sopo anandipulumuka m'manja.

"Yachiwiri ikuti denga silikudontha. Wakwerapo ndani, poti amayi ako ngakhale pachulu amachita chizungulire? Ndiye taona apa." Anandionetsa maenvelopu. Iliyonse inali ndi chidindo cha chala chachikulu, chakuda ndi girisi. "Chala cha mwamuna ichi, wogwira tcheni cha njinga. Asilikali a kumene kuja anachiyeza mwezi wathunthu, ankayesa ndi chizindikiro chachinsinsi."

"Ndiye munkadziwa, ababa? Nanga munkayankhiranji zachikondi zonse zija?"

"Ndikanasiya, ukanadziwa kuti ndadziwa, n'kusiya kulemba. M'ndende munthu sasankha womulembera." Anatsokomola pang'ono. "Komanso ndinkafuna ndione ngati mwana wanga anatengera ntchito yanga. Sunatengere."

Ndinalira, iwo akuseka, mpaka mwana naye anayamba kulira.

Pano akukhala kwa ine. Amalera mdzukulu wawo, ndipo amadziwa amene wadutsa panjira pongoona mapazi. Madzulo ena amasewera bawo ndi bambo ondipeza, amene mpaka lero amandifunsa ngati a ntchito aja anayankha. Bambo akamva funsoli amangoyang'ana kuphiri.

Koma ine mtima sunakhale pansi. Ndinanamiza boma, ndinabera amayi dzina, ndinasandutsa munthu wosalakwa mtengamakalata wa mkazi wake yemwe. Bambo akuti makalatawo ndi amene ankawadzutsa m'mawa. Mwana wanga akadzakula n'kundinamiza chonchi, sindikudziwa ngati ndidzamukalipire kapena kumuthokoza. Inu amene mwawerenga, tandiuzani mosandinyengerera: ndinachita bwino kodi?