Mayi amene ankapempherera mwana wa m'kompyuta

Mwezi wathawu tinaika m'manda mayi amene mpingo wonse unkangowatchula kuti Azakhali. Ambiri tikuwakumbukira atakhala pa benchi yakumbuyo, chikwama chili pamiyendo. Anali munthu wamantha, ndipo sankabisa. Koma manthawo anali ndi poyambira pake.

Ali kamtsikana, mlongo wawo wakhanda anatentha thupi. M'nyumba munali mapiritsi otsala a bambo. Mayi awo, pofuna kuthandiza, anabenthula limodzi pakati, poganiza kuti mwana ndi theka la munthu wamkulu. Analisungunula pa supuni, ndipo kamtsikanako ndi kamene kanagwira mutu wa mwanayo kuti ameze. Mwana anagona, osadzukanso. Palibe anadzudzula mnzake. Koma kuyambira pamenepo Azakhali akaona supuni ya mankhwala mtima unkagunda, ndipo funso limodzi silinawachoke: mankhwala akalowa m'thupi, amapita kuti?

Sukulu anaisiyira panjira chifukwa cholera ang'ono awo. Atakula anapeza ntchito yotsuka mabotolo pamalo ena ofufuza za mankhwala, madzulo n'kumapita kukaphunzira. Ife amene tinkakhala nawo m'kalasi tikudziwa kuti samu iliyonse ankaibwereza, poopa kuti poyamba analakwitsa. Patapita zaka, akuluakulu a kuntchito anawachotsa pa sinki n'kuwapatsa mpando pa kompyuta.

Ntchitoyo ankatifotokozera motere. Amamanga thupi la munthu ndi manambala ngati nyumba: chiwindi chipinda chake, impso chipinda chake, mafuta ndi ubongo chimodzimodzi, magazi n'kumayenda kulowa chipinda chilichonse. Akaikamo mankhwala, kompyuta imaonetsa kumene akukhalitsa, mmene chiwindi chikuwaphwanyira ndi mmene impso zikuwatulutsira. Mwa khanda ziwalozi zimakhala zisanakhwime, choncho mankhwala ena amachedwa kutuluka, n'kumaunjikana. Tsiku limene anamvetsa zimenezi anakadzitsekera m'bafa ya kuntchito, nalira mlongo wawo ngati wamwalira dzulo.

Kenako gulu lawo linapatsidwa ntchito yowerengera mlingo wa mankhwala ena a ana obadwa masiku asanakwane. Apa mantha anakula, chakudya osalowa. Pa mapemphero a Lachitatu anayamba kupempha kuti tizikumbukira mwana wina wodwala. Tikafunsa dzina, ankati alibe. Ena anayamba kunong'onezana kuti mwina Azakhali ali ndi mwana amene anamubisa kwinakwake. Zitadziwika kuti mwanayo ali m'kompyuta, mayi wotsogolera kwaya anaseka mpaka kupukuta misozi, nafunsa ngati pa ubatizo wake abusa adzathire madzi pa makinawo.

Azakhali sanakwiye. Anangoti: "Sekani, achemwali. Lero alibe dzina, koma mawa adzakhala nalo. Tikalakwitsa ife pa manambala, maliro adzagwa pakhomo pa munthu weniweni."

Tinamupempherera mwanayo, ena akubisa kumwetulira m'manja.

Mlingo uja utayesedwa n'kuvomerezedwa ndi madokotala, dzinalo linapezeka pafupi kwambiri. Mwana wamkazi wa mng'ono wawo anachira masiku asanakwane, kakhanda kongokwana m'manja, ndipo kanadwala. Namwino atatchula mankhwala amene ankafuna kukapatsa, Azakhali anawazindikira. Anali omwe aja. Mng'ono wawo anawatembenukira n'kufunsa kuti, popeza iwo ndiwo akuwadziwa, kodi banja livomere?

Mng'ono wawoyo akuti Azakhali sanalonjeze kanthu. Anati zimene munthu angathe kuwerenga anaziwerenga mobwerezabwereza, anzawo n'kuzionanso, ndipo zotsalazo zili m'manja mwa Mulungu. Kenako anati avomere.

Masiku otsatirawo anakhala pa benchi ya m'khonde la chipatala, milomo ikugwedezeka ndi pemphero. Chitseko chikangotseguka ankadzambatuka, poganiza kuti ndi uthenga woipa uja. Namwino aliyense wotuluka ankamufunsa chinthu chimodzi, ngati mwana wakodza, mpaka anamwino anawapatsa dzina loti Agogo a Matewera. Koma iwo ankadziwa kuti thewera likanyowa ndiye kuti impso zikugwira ntchito, mankhwala akutuluka. M'mawa wina namwino anatuluka atanyamula thewera lolemera, n'kulikweza m'mwamba ngati mbendera. Azakhali anagwada pa simenti pomwepo, anthu akuwalambalala. Mwanayo anakhala ndi moyo.

Sitinganame kuti mantha anatha. Atapuma pa ntchito ankayendera odwala, ndipo nyumba iliyonse yokhala ndi khanda ankachonderera makolo kuti asabenthule piritsi la munthu wamkulu. Ankati sanapemphepo Mulungu kuti awachotsere mantha. Ankangopempha kuti manthawo aziwabweza kukaonanso ntchito yawo.

Atakalamba impso zawo zinafooka, ndipo anadziwa bwino tanthauzo lake. Amene ankawadwazika anali khanda la thewera lija, tsopano mayi wa pabanja pake. Tsiku lomaliza masana anabwera ndi supuni ya mankhwala ochepetsa ululu, dzanja likunjenjemera, nati akuopa kuti mwina wachulutsa. Azakhali anafunsa ngati wathira mmene adokotala ananenera. Iye anati waonanso kawiri.

"Ndiye bweretsa, mwanangu," anatero. "Dzanja loopa ine sindiliopa."

Anamwa bwinobwino, nayamika, nagona tulo. Dzuwa lisanalowe anapita mwakachetechete kwa Ambuye wawo.

Pa mapemphero a Lachitatu timamutchulabe mwana wopanda dzina. Amene amatikumbutsa ndi mayi wotsogolera kwaya uja, ndipo saseka.