Dzanja Lakale la a Douwe

Owerenga, mundikhululukire chifukwa cholimba mtima kulemba. Ine sindine mlembi. Ndinali mphunzitsi wa jogalafe, ndipo ntchito yanga inali kuchonga zolemba za ena ndi cholembera chofiira, osati kulemba zanga. Choipitsitsa n'chakuti ndikulemba za mahelikopita oulutsa ndi rimoti pomwe ine sindinaulutsepo ndi imodzi yomwe. Ku bwalo la kalabu ndimapita Loweruka lililonse, koma ntchito yanga kumeneko ndi kunyamula fulasiki ndi kuonerera. Tsono a komiti atafunsa kuti ndani alembe za a Douwe Terpstra m'kanyuzi kathu, onse anatembenukira kwa ine poti ndine neba wawo, mpanda umodzi. Ndalemba, ndafufuta, ndalembanso. Pomwe ndaphonya, odziwa mundikonze mofatsa.

A Douwe anabadwira pa famu ya ng'ombe kuseri kwa khoma lotchinga nyanja, chakumpoto kwa tauni ya Dokkum. Atakula anakhala wokonza makina okamira mkaka, ndipo palibe khola m'dera lathu limene sanalowemo ndi bokosi lawo la masipanala. Manja awo ndi aakulu, ong'alukang'aluka, oti ukawaona sungawapatse dzira kuti akugwirire. Koma manja omwewo ndiwo ankamanga helikopita kuchokera m'thumba la tizitsulo.

Masiku amenewo helikopita inkabwera choncho, m'zidutswazidutswa, ndipo inkayendera mafuta. Inkalira mogonthetsa m'khutu, n'kumasiya utsi woyera pa msipu. Akazi awo, a Aukje, ankati akabwera kubwalo juzi yawo inkanunkha ngati chipisi chopserera, ndipo ankaikoleka panja mpaka Lolemba. Komabe ndi a Aukje omwewo amene anapenta mutu wa helikopita yawo yoyamba, wofiira ndi mzere woyera, ndi kabulashi kopentera mafelemu a windo.

Achinyamata a lero simunaone bolodi la mapegi. Linali pakhoma la kanyumba ka kalabu, ndipo pa pegi iliyonse yoyanikira zovala panali nambala. Anthu awiri akayatsa marimoti a nambala imodzi, ndege ya wina inkagwa. Choncho wopanda pegi sankayatsa. Pegi yako ikakhala ndi mnzako, unkadikira, ndipo podikirapo ndi pomwe anthu ankadziwirana: khofi, nkhani za ng'ombe, kunyozana. Panalinso lamulo losalembedwa lakuti wogwetsa ndege abweretse buledi wa shuga Loweruka lotsatira, ndipo pomudya anzake azimuseka mpaka buledi athe. Lamulo limeneli lidakalipo. Ndakupemphani mulisunge m'mutu.

Ndiyeneranso kufotokoza kanthu kamodzi, ndipo a kalabu mundipirire poti mukukadziwa kale. Rimoti ili ndi tindodo tiwiri, chala chachikulu chilichonse ndi kake. Kena ukakakankhira kutsogolo, helikopita imakwera, ndipo kameneka kamakhala pomwe wakasiya. Kanzake ukakakankhira kutsogolo, helikopita imaweramitsa mphuno n'kuthamanga, ndipo kameneka kali ndi sipuling'i yokabwezera pakati. A Douwe ndi anzawo a nthawi imeneyo anaphunzira kukwera ndi chala chamanja. M'badwo wobwera pambuyo unatembenuza: onse amakwera ndi chamanzere, ndipo marimoti a m'sitolo amabwera atakonzedwa motero.

A Douwe anaphunzitsa anthu ambiri, mmodzi wa iwo ndi a Sietse, amene ankagwira ntchito ku positi, munthu wamfupi, wapakamwa, mnzawo wa ponda apa nane mpondepo. A Sietse amanena mpaka lero kuti a Douwe ankatha kuimitsa helikopita m'mwamba phee, mphepo ya kunyanja ikuwomba, ngati aipachika pa msomali.

Kenako a Aukje anadwala sitiroko, mbali imodzi ya thupi n'kufa. A Douwe anatsuka helikopita yofiira ija, anaimangirira kudenga la galaja, n'kusamutsira bedi la akazi awo pa balaza, pafupi ndi windo. Zaka zinapita zambiri, zokwanira kuti ana amene ndinkawaphunzitsa abereke awo. Ine ndinkawaona pa mpanda akuyanika nsalu za pabedi, pegi ili kukamwa. Nthawi zina Loweruka mphepo ikabweretsa kulira kwa injini kuchokera kubwalo, ankaima ndi nsalu m'manja, mutu atapendeka, kenako n'kupitiriza kuyanika.

A Aukje atamwalira, bedi linachotsedwa, koma miyendo yake inasiya timaenje tinayi pa kapeti. A Douwe anaika mpando wawo pambali pa timaenjeto n'kumakhala pomwepo tsiku lonse. Ndikawapatsa moni pa windo ankakweza dzanja mochedwa, ngati munthu amene wamudzutsa. Mwana wawo Hiske, amene amakhala mumzinda wa Groningen, anaona zomwe tonse tinkaona. Pa tsiku lobadwa la bambo akewo anabwera ndi chibokosi: helikopita yamakono ya batire, ndi rimoti yake yatsopano.

Chilimwe chitayamba a Douwe anagogoda kwathu, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, paja inu mumapitabe kubwalo kukawerenga mitambo?"

"Ndimapita, aneba."

"Mundisungire mpando m'galimotomo. Koma musauze anthu, angabwere ndi bandi."

Titafika, chinthu choyamba anapita kukhoma la kanyumba kaja. Anapeza pali chokolekapo majekete. A Sietse anawaona akupapasa khoma, ndipo anakuwa kuchokera patali.

"Taonani, akufa auka! Iwe Douwe, ukufuna pegi? Mapegi anatha kalekale, mdala. Masiku ano timangoyatsa ngati ketulo."

"Nanga mumacheza nthawi yanji?"

"Sitichezanso. Ndani angacheze ndi nkhope ngati zimenezi?"

Anakumbatirana, ndipo ine ndinayang'ana kumbali.

Kuuluka kwake ndiko kunavuta. Kukakhala bata ankaidzutsa bwino ndithu, koma mouma, milomo ikugwedera ngati munthu wopemphera chamumtima. Tsono kwathu kuno bata silikhalitsa. Mphepo ikangoikankhira pansi, m'malo moti ikwere, helikopita inkaweramitsa mphuno n'kukalima msipu. Zinachitika Loweruka loyamba. Anakonza sabata yonse m'galaja, n'kuchitikanso. Chilimwe chinatha motero.

Tonse tinaganiza chinthu chimodzi, ngakhale palibe anachitchula: ukalamba. Ndipo tinachita chimene tinkayesa ulemu. Ikagwa, anthu ankathamanga kukatola zidutswa mwakachetechete, wina n'kumati, "Mphepo ya lero ndi yoipa, bambo." Palibe anaseka. Palibe anatchula za buledi wa shuga, ngakhale a Sietse. Ndikukhulupirira tsopano kuti chete ameneyu ndiye ankawapweteka kuposa kugwa kwenikweniko.

Loweruka lina masamba atayamba kuyoyoka, tili m'galimoto, a Douwe anayankhula osandiyang'ana.

"Aphunzitsi, lero ikagwa ndiye basi. Ndikaipachika kudenga pafupi ndi inzake yofiira ija. Munthu azidziwa nthawi yofika ndi nthawi yotsanzika."

"Ndiye Loweruka muzichita chiyani, aneba?"

"Mpando ulipo."

Ndinaganiza za timaenje tija pa kapeti.

Inagwa. Inakwera bwinobwino kufika m'mapewa mwa munthu, mphepo inabwera, ndipo inaweramira kutsogolo n'kukadzibaya m'udzu wa m'mphepete mwa ngalande. Mapiko anathyoka, mwendo umodzi unauluka wokha. Ng'ombe za kutsidya zinadzutsa mitu. A Douwe sanapite n'kukatola komwe. Anavula lamba wa rimoti m'khosi n'kuipereka kwa a Sietse.

"Tenga. Upatse wina amene manja ake akadali ake."

A Sietse anailandira, ndipo monga amachitira aliyense woulutsa akagwira rimoti, zala zawo zinagwera zokha pa tindodo. Anakankha kakumanja. Kanabwerera pakati. Anakankhanso. Kanabwereranso. Nkhope yawo inasintha.

"Iwe, Douwe. Ukukwera ndi chala chiti?"

"Chamanzere."

"Chamanzere! Kuyambira liti? Iwe amene unkandimenya pa dzanja ndi chipewa, uli chamanja, Sietse, chamanja, mbuzi iwe?"

"Inabwera choncho."

"Inabwera choncho! Nsapato zikabwera zosemphana umangovala?"

A Douwe anatembenuza rimoti n'kuloza kapepala konyezimira komatidwa pa sikulu yakumbuyo.

"Kuti usinthe uyenera kutsegula. Ukatsegula, asitolo salandiranso. Ndi mphatso ya mwana imeneyi, Sietse. Komanso ana onsewa akuulutsa choncho. Ndinati ngati mutu wanga sungaphunzire zimene mwana wa sukulu akuphunzira, ndiye kuti ndatha ndithu."

Apa ndi pomwe ndinamvetsa kugwedera kwa milomo kuja. Kukakhala bata ankadziuza okha kuti manzere, manzere, ndipo mutu unkapambana. Koma mphepo ikawadzidzimutsa, chala chamanja sichinkafunsa mutu. Chinkakankha kuti chipulumutse ndege monga chinkachitira kale, ndipo pa rimoti yatsopanoyi kukankha kumeneko ndiko kunali kuigwetsa. Chala chimenecho chinali chitadikira zaka zonse zija, chikutembenuza wodwala ndi kuyanika nsalu, koma osaiwala kanthu.

"Chilimwe chonse," anatero a Sietse, akupukusa mutu. "Chilimwe chonse ine ndikukulirira ngati maliro, ndikudziluma lilime, kani ndiwe chitsiru chabe! Ndipatseni sikuludiraiva."

Ndiyenera kulemba zoona: ine ndinayesa kulowererapo.

"A Sietse, pepani, koma kabuku kake kamanena momveka bwino kuti kapepalako kakang'ambika..."

"Aphunzitsi, kabukuko kanaulutsapo chiyani? Gwirani apa."

Ndinagwira. Kapepala kanang'ambika popanda ndi phokoso lomwe. Pa tebulo la kanyumba, pakati pa makapu a khofi, a Sietse anayamba kusamutsa sipuling'i, koma zala zawo zinkaterera, ndipo a Douwe anapirira pang'ono chabe.

"Choka apo, ukuigwira ngati kalata yonyowa. Bweretsa."

Anaikola ndi nsonga ya chikhadabo, kamodzi kokha. Atatseka, anakankha kandodo kakumanja, ndipo kanakhala pomwe anakasiya. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Tsono tamvera," anatero a Sietse. "Wagwetsa chilimwe chonse ndipo sitinalawe kanthu. Loweruka ndikufuna buledi wa kugwa kulikonse. Usabwere ndi wouma wa pa shelefu."

A Douwe anaseka. Ndinali ndisanawamve akuseka chimwalirireni a Aukje.

Madzulo ake anaimbira Hiske kukapepesa kuti aononga mphatso. Anandiuza pa mpanda mmene zinathera. Mwanayo akuti anangoti, "Ababa, ine ndinagula kuti muziulutsa. Ndikanafuna chosunga ndikanakugulirani mbale ya maluwa."

Loweruka lotsatira m'galimoto mwanga munkanunkhira sinamoni. Buledi anadzaza tebulo lonse, ndipo anthu anadya akuwaseka a Douwe mopanda chifundo, wina akuyerekeza mmene ng'ombe zinadzutsira mitu, wina akufunsa ngati ku ngalande kuja anatayako kanthu. Iwo ankabweza mawu onse, makutu atafiira. Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pegi yamtengo, yakuda ndi zaka, nambala yake itafufutika. Anaikanikiza pa kanyanga kafupi ka rimoti, komwe sikafuna pegi iliyonse, n'kupita pa msipu.

Mphepo inalipo tsiku limenelo, yeniyeni ya kunyanja. Helikopita inakwera, mphepo inaikankhira pansi, ndipo ine ndinatseka diso limodzi. Koma inangodzuka pang'ono n'kubwerera pamalo pake. Milomo yawo inali duu. Sindinena kuti anachita zodabwitsa, chifukwa sanachite. Sanaitembenuze chagada monga achitira achinyamata. Anangoiimitsa patsogolo pawo, mphuno itawayang'ana, mpaka batire linatha.

"Yapendekera kumanzere," anatero a Sietse.

"Ndi maso akowo apendeka."

Amabwera Loweruka lililonse tsopano. Helikopita yofiira aitsitsa kudenga, ili pa tebulo m'galaja, ndipo akuti ikadzalira tidzamva fungo la chipisi mpaka ku tchalitchi. Mpando uja aubwezera pomwe unkakhala kale, moyang'ana wailesi yakanema.

Mawu a Hiske aja andikhala pamtima. Pamwamba pa kabati yanga ya zovala pali bokosi. Muli kahelikopita kakang'ono kamene ndinagula nditangopuma ntchito. Kabuku kake, kamene anandipatsa padera kusitolo, ndakawerenga mpaka ndikhoza kukalakatula, koma tepi ya pabokosi sindinaidulepo, kuopa kuthyola chinthu chatsopano. Ndaganiza kuti Loweruka likubwerali ndidula. Ndawapempha a Douwe kuti aime pambali panga, ndipo avomera, bola ndiphunzire ndi chala chamanja ngati munthu. Buledi wa shuga ndamuitanitsa kale kwa ophika, kuti pasadzakhale chonditangwanitsa.