Tsiku Limene Tinalumpha Mpanda ku Mandevu

Ntchito yanga yoyamba yeniyeni ndinaipeza pabwalo lafumbi ku Kanyama, kumene tinkamenya mpira Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi. Ndinkatchinga kumbuyo, osati chifukwa cha luso, koma poti ndinali wamtali komanso wosamva chisoni pogwetsa munthu. Tsiku lina bambo wina wakapusi anaima pambali mpaka mpira unatha. Anali a Tembo, kochi wa timu ina ya ku Matero yosewera mu ligi.

"Iwe mufana, mutu uli nao, koma miyendo ni ya njinga yakufa. Ubwele pa Mande," anatero.

Anandipatsa miyezi itatu yondiyesa, jombo za misomali isanu ndi umodzi, zotchingira misongolo ndi jezi ya nambala 23. Amayi analengeza ku tchalitchi chonse kuti mwana wawo walembedwa ntchito ya mpira. Kuyambira pamenepo ndinkadzuka ndi mantha tsiku lililonse. Ndinkadziona ndikubwerera kumsika kukakankha wilibala, anthu akundiloza.

Amene ndinkaima nawo pakati kumbuyo anali kaputeni wathu a Mulenga, a nambala 5, bambo wa ana atatu. Ndiwo anandiphunzitsa ntchito. Otchinga anayi amayenda pamzere umodzi. Wina akapita kukalanda mpira, mnzake amatsalira pang'ono kuti amuphimbe. Munthu akamabwera ndi mpira usayang'ane mapazi ake, poti mapazi amanama, yang'ana chiuno. Ndipo ukavulala, kweza dzanja msanga.

Sabata yomaliza ya kuyesedwa kwanga, a Tembo anandiika m'gulu loyamba. Tinkakasewera koyenda, ku Mandevu. Timu yathu inali ndi mwambo wake: kubwalo la eni sitinkalowera pageti. Ankati eni ake amakwirira mankhwala pamenepo, ndipo wodutsapo miyendo imalemera. Choncho basi inatisiya kuseri kwa bwalo, ife amene tinali titangomaliza kupemphera m'basimo n'kuyamba kukwera mpanda wa mabuloko ngati akuba.

Anzanga ankatsika chogwirira. Ine, pofuna kuonetsa unyamata, ndinangodziponya. Ndinafikira pa chibenthu cha buloko, phazi lamanja n'kupindika. Ululu unakwera mpaka m'mano. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuona ngati palibe wandiona.

Ndinadziwa choyenera kuchita, koma ndinadziwanso kuti pabenchi pali mnyamata wina amene ankadikira malo omwewo. Ndinalowa m'chimbudzi, n'kukulunga bandeji pa akakolo, n'kumanga zingwe za jombo mpaka zala zinachita dzanzi. Mumtima ndinati walira mvula walira matope.

Eni bwalo anali ndi womwetsa zigoli wamfupi, wothamanga ngati wakuba foni. Sipanathe mphindi khumi asanazindikire kuti nditembenuka movutikira, ndipo anayamba kundizungulira ine ndekha. Sindinkamvanso ng'oma za ochemerera, ndinkangomva phazi likugunda m'jombo. A Mulenga anandiyandikira pamene tinkadikira kona.

"Uyenda monga nkhuku yomangiwa. Mwendo uli bwanji?"

"Nili che bwino, bamudala."

"Usaname. Ngati wazicita, uza ba kochi manje manje."

Ndinapukusa mutu. Pa nthawi yopuma ndinakhala pakona osavula jombo, podziwa kuti ndikaivula siilowanso.

Titangobwerera, mpira wautali unadutsa pamwamba panga. Ndinati nditembenuke, phazi linakana. Wamfupi uja anandipitirira ngati ndine mtengo. A Mulenga anasiya munthu wawo, anathamanga chopingasa kudzaphimba malo anga, n'kudziponya pansi kuti achotse mpira. Nayenso wapagolo wathu anali atatuluka ndi liwiro lonse. Anaombana. Mpira unatuluka kunja, koma kulira kumene ndinamva sindinakumvepo kwa munthu wamkulu. Bondo la a Mulenga linali litayang'ana kumbali. Powanyamula pamachira ndinaima patali, ndikuopa kuti andiloza. Sanandiloze.

Mpira unatha opanda chigoli. Ndinaumaliza chotsimphina, ndipo aliyense anaganiza kuti ndapondedwa m'masewero. A Tembo anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Walimba, mufana." Kunyumba jombo ija tinachita kuing'amba ndi mpeni. Patatha milungu iwiri ndinasaina, ndipo chaka chotsatira anandipatsa jezi ya nambala 5, chifukwa mwini wake sanasewerenso.

Panapita miyezi ndisanalimbe mtima kukawaona a Mulenga kwawo ku komboni ya George. Ndinawapeza atakhala pakhonde, ndodo zoyendera zili pambali. Ndinayamba kuzungulira ndi moni wautali, iwo n'kundidula.

"Ninakuona pamene unagwa pa mpanda. Ninafuna ukambe weka."

"Ninayopa, bamudala."

"Niziba. Naine ninayambapo nchito. Koma uja mwendo sunali wako weka. Tinali kuimililapo babili."

Sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka koposa.

Ndinasewera zaka zambiri pambuyo pake, m'matimu atatu. Mantha sanandichoke, anangosintha malo: ndinasiya kuopa benchi n'kuyamba kuopa kubisa. Kanthu kakangondilasa m'thupi, dzanja linkakwera nthawi yomweyo, anzanga mpaka ankandiseka kuti ndine nkhalamba. Nditakhala kaputeni ndinkauza achinyamata kuti wotchinga wonama amavulaza amene waima naye. Za mpanda ndinakaniratu. Ena ankakwera ndithu, ine ndinkalowera pageti, mankhwala kapena ayi.

A Mulenga masiku ano amagulitsa makala pafupi ndi pogulira madzi ku George. Ndikamadutsa amandiitana kuti "nambala 5", n'kuimirira kuti andipatse moni. Kuimirirako kumawatengera nthawi, ndipo ine ndimadikira.