Kachipinda ka Mabulangete M'mazenera

Mng'ono wanga anadzitema phazi ndi khasu kumunda kwathu ku Chisenga. Patangotha sabata nsagwada zinauma, ngakhale madzi osalowa. Lole ya chimanga ndi imene inatifikitsa pa boma. Kuchipatala anati ndi kafumbata, n'kumugoneka m'kachipinda ka odwala mwakayakaya, kamene mazenera ake anawatchinga ndi mabulangete.

Ine ndine wa mtima wapachala. Sukulu ndinalekera Sitandade 5 nditabwezera mphunzitsi mbama. Ndiye namwino wa chipindacho, mayi wa kum'mwera, anandipsetsa mtima tsiku loyamba lomwe. Ndikati "Monire, mama," iwo duu, maso ali psuu, n'kungondilozera chitseko. Kwathu ngakhale mdani amayankha moni.

Tsiku lachitatu ndinaphulikira pakhomo pomwepo. "Kodi ife akuno mumatiyesa agalu?"

Mng'ono wanga anapindika ngati uta, mutu ndi zidendene zokha pabedi. Mayi aja anathamanga ndi jakisoni. Adokotala anatulukira bandeji ya wodwala wina ikadali m'manja, abambo okolopa n'kutaya chidebe kudzagwira miyendo. Anthu atatu omwewo ndiwo ankazungulira mawodi onse, anzawo anasamutsidwa osabweranso ena. Mng'ono wanga atadekha, mayi aja anandinong'oneza: "Phokoso ndi kuwala zimamupha ameneyu. Achimwene, ngati ndi zonditukwana, kadikireni pamtengo apo. Ndibwera wani koloko."

Anabweradi. Anakhala pamuzu, n'kuvula nsapato. "Yambanitu."

Ine ndinangokhala pansi pafupi nawo.

"Bedi limenelo lagonapo ambiri," anatero. "Kale ndinkawapatsa moni, ndinkadziwa ndi ana awo omwe. Tsiku lina wina akutuluka naye atamufunditsa nsalu, ndinapezeka ndikumwa tiyi, mumtima muli zii. Misozi inatha, mawu anatha. Kwatsala manja okha. Ndiye musandisokonezere manja."

Asanamalize kusisita phazi lachiwiri anali atagona, mutu atatsamira mtengo.

Kuyambira pamenepo ndinadzilemba ulonda. Ogulitsa nthochi, alendo a m'mawodi, onse ndinkawabweza ndi chala pakamwa. Anyamata a makhadi a chipani atabwera akuimba, ndinawatsekera njira, khadi langa nditalikweza m'mwamba. Nkhonya inkayabwa, koma ndinanong'ona: "Abale anga, muno muli munthu amene nyimbo ingamuphe." Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kukaimbira kumsika.

Mayi aja sanandiyamikire, moni sanayambe kuyankha. Ankangothira phala lamadzimadzi m'kachubu ka m'mphuno, pang'onopang'ono, dzanja osanjenjemera, pomwe miyendo yawo inali itatupa.

Sabata yachinayi anandikodola. Supuni inali italowa pakati pa mano a mng'ono wanga. Iye anandiyang'ana, n'kutafuna mawu movutikira: "Achimwene, mumalongolola."

Mayi aja anatseka pakamwa ndi epuloni, mapewa akugwedezeka. Anatuluka msangamsanga kukasekera panja.